Adzukulu Atakana Khasu

Mwana wathu wamkazi anamwalira m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene nthaka ya ku Lilongwe imauma ngati njerwa yootcha. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali Folomu 3. Matenda anayamba ndi kutupa mapazi. Tinkati ndi kuyenda, poti sukulu yake inali kutali ndipo ankapita wapansi. Kenako nsapato zinakana kulowa, nkhope nayo inatupa. Kuchipatala anati impso zasiya kugwira ntchito. Anagonekedwa masabata angapo. Mayi ake ankagona pansi pambali pa bedi, ine ndinkadzera m'mawa ndisanalowe ntchito.

Ndimayang'anira katundu m'sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba. Tsiku limene anatisiya ndinali panja pa sitoloyo, anyamata akutsitsa simenti m'lole. Foni inalira. Anali mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga. Anangoti, "Alamu, bwerani." Ndinadikira mpaka thumba lomaliza litalowa, ndinakhoma chitseko, ndinakapereka makiyi kwa abwana, kenako ndinakakwera minibasi. Sindinathamange. Mpaka pano sindidziwa chifukwa chake.

Kwathu ku Chinsapo munthu akamwalira zinthu zimayenda zokha. Wina amathyola masamba n'kuyala pamsewu. Amayi amabwera ndi nkhuni ndi ufa. Uthenga umapita kwa amfumu, ndipo amfumu akaloleza, adzukulu, amene ndi azibambo ndi anyamata okumba manda, amalawirira ndi makasu awo. Wofedwa sachita kanthu. Amakhala pamphasa, anthu n'kumabwera kudzamugwira dzanja. Ndinakulira m'zimenezi. Bambo anga anachoka ku Dowa ine ndisanabadwe, ndipo iwo ndi mayi anga anagona m'manda a kumunsi kwa chigawo chathu. Kumudzi kulibenso amene amatidziwa bwino. Zoti mwana akaikidwe kwina sitinaziganize n'komwe.

Koma panali nkhani ina imene inachitika chaka chomwecho, nthawi ya dzinja. Kunamwalira mkulu wina wa pafupi ndi kwathu, wokhoma zidebe ndi mbaula. Anali munthu wabwino. Analinso wa gule wamkulu, mmodzi wa akuluakulu a kudambwe. Mpingo wathu uli ndi lamulo lakuti pamaliro pamene pakubwera gule mkhristu sakhalapo. Ukakhalapo umadulidwa, mgonero sudya. Ine ndine mkulu wa mpingo m'dera lathu. M'mawa wa tsiku loika ndinapita kukakhuza. Ndinapepesa, ndinakhala pansi ndi azibambo anzanga. Amayi a mpingo wathu anali kuseri kwa nyumba, akuthandiza kuphika. Ng'oma itayamba kumveka chakumunsi ndinaimirira, ndinapita kuseriko, ndinauza amayiwo kuti nthawi yakwana. Anapukuta manja, anamanga bwino zitenje zawo, tinatuluka. Miphika ina inatsala pamoto. Ndinamva pambuyo pake kuti ndiwo za adzukulu zinapserera, ndipo anadya dzuwa litapendeka.

Lamulolo ndinkalikhulupirira, ndipo ndimalikhulupirirabe. Sindinanyoze munthu aliyense. Koma Lamulungu lotsatira kunabwera mlaliki wachinyamata wochokera kwina, amene anamva nkhaniyo m'mawa womwewo. Analalikira za ana a kuwala ndi ana a mdima, zokuzira mawu zili pamwamba, moti anthu kumsika anamva zonse. Iye anakwera minibasi masana n'kubwerera kwawo. Ife tinatsala.

Zinayamba pang'onopang'ono. Moni anachepa. Mkazi wanga ankagulitsa mandasi pakhomo, beseni linayamba kubwerera m'nyumba lodzaza. Pakiyosiki ya madzi ndowa yake ankaipeza itabwezedwa kumapeto kwa mzere. Miyala inagwa padenga kangapo. Tsiku lina zilombo za gule zinathamangitsa mwana wathuyo akuchokera kusukulu, anafika chikwama chataya mabuku, bondo likuchucha magazi. Mayi ake akumutsuka bala, anandiyang'ana.

"Bambo, kodi tinalakwa?"

"Ayi, sitinalakwe."

"Ndiye basi."

Anasintha zovala n'kupita kukaphunzira nyimbo kukwaya. Miyezi ingapo itadutsa ndi pamene mapazi anayamba kutupa. Ena anati zinthuzi n'zogwirizana. Ine sindinatero, ndipo sinditero.

Thupi tinakalitenga kumochale tsiku lotsatira, chakumadzulo, pa lole ya munthu wina wa mpingo. Masamba pamsewu anayala ndi anyamata a kwaya. Oyandikana nafe ena anabwera, makamaka amayi. Ena anangoima m'mipanda mwawo. Mlamu wanga anapita kwa amfumu ndi mkulu wa mpingo mnzanga. Amfumu athu ndi munthu wofatsa, wodwaladwala. Anati manda ndi a tonse, tikaike. Koma anawonjeza kuti za anyamata okumba tikakambe nawo tokha, chifukwa iwo atawauza, anyamatawo anangoseka.

Kutacha ndinakhala pamphasa pakhonde. Mwa mwambo, m'mamawa mmodzi wa adzukulu amabwera ndi bango kudzayeza bokosi, ndipo amayi amayamba kuwaphikira. Sanabwere aliyense. Dzuwa litakwera pang'ono anafika mkulu wawo. Ndi munthu woumba njerwa, wa msinkhu wanga. Tinaphunzira limodzi kupulayimale, tinkakhala benchi imodzi. Anavula chipewa pageti, anadzanjuta patsogolo panga, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, akulu. Zovuta izi."

"Zikomo."

"Mwanayu ndinkamuona akamadutsa pauvuni wanga. Waulemu kwambiri." Anazunguza chipewa m'manja. "Koma anyamata akana."

Mlamu wanga anali pambali panga. Anafunsa kuti, "Akana chiyani?"

"Khasu. Akuti manja awo ndi amdima, angadetse manda a mwana wa kuwala."

"Achimwene, pano ndi pamaliro. Ngati pali mlandu tikamba tikaika."

"Pajanso panali pamaliro, alamu ake. Miphika inatsala pamoto. Malemu aja anakumba nawo manda a bambo awo a akuluwa, ndi manja awo. Afunseni ngati ndikunama."

Sankanama. Ndinkakumbukira mkulu uja ali m'dzenje, fumbi lili mbuu m'mutu.

"Njira ilipo," anapitiriza. "Akuluwa abwere kumanda. Agwade pamaso pa anyamata. Anene ndi pakamwa pawo kuti lamulo la mpingo wawo ndi lolakwa, ndipo gule akadzabweranso pamaliro adzakhala mpaka kumapeto. Akatero, dzuwa lisanafike pamutu dzenje likhala litatha."

Mlamu wanga anandikokera pakona ya nyumba. Si munthu wopemphera kwambiri, koma mwanayu ankamukonda ngati wake. "Alamu, awa ndi mawu chabe. Mukanene. Mulungu mtima wanu akuudziwa. Mwana akalowa m'nthaka, mudzapepese kutchalitchi, adzakudulani miyezi ingapo, n'kukubwezerani. Anthu amadulidwa chifukwa cha mowa n'kubwerera, nanga inu?"

Ndinalowa m'nyumba. Mipando inali itatulutsidwa, bokosi lili pakati pa balaza, amayi atalizungulira. Mkazi wanga anali kumutu, atatsamira khoma. Zenera linali lotsegula, ndipo ndinadziwa kuti wamva zonse. Ndinanjuta pafupi naye. Sanandiyang'ane.

"Chitani zimene mukuona, bambo," anatero. "Koma mwana wanga alowe m'nthaka lero. M'nyumba muno mwayamba kutentha."

Ndinatuluka. Ndinauza mkulu wa adzukulu kuti za miphika ndipepesa, ndipo ngati akufuna ndigwada. Za mlaliki uja ndipepesanso, ngakhale sindinamutume. Koma kunena kuti lamulolo ndi lolakwa, ndi kulonjeza chinthu chimene ndikudziwa kuti sindidzachita, zimenezo sindingathe.

"Za miphika tinaiwala kale," anatero. "Tikufuna mawuwo."

"Sindingathe."

Anavala chipewa chake. "Ndiye mapemphero akumbe."

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Mkati mwanga munalibe chilichonse chimene chinkalimbana ndi china. Ndinangoona kuti mawu amene ankafunawo sangatuluke m'kamwa mwanga, monga mmene munthu amaonera kuti katundu uyu sangalowe pakhomo ili.

Azibambo a mpingo anasonkhana pamsewu. Panali mphunzitsi wa pulayimale, telala wa kumsika, mlonda amene anali atangoweruka, dalaivala wa minibasi, ndi anyamata a kwaya. Palibe mmodzi mwa iwo amene anakumbapo manda. Anabwereka makasu m'makomo, mapiki awiri kwa mmisiri wina womanga nyumba, ndi fosholo yothyoka mpini. Telala anayeza bokosi ndi tepi yake. Mlamu wanga anawatsogolera. Ine ndinabwerera pamphasa, poti ndi pamene wofedwa amayenera kukhala.

Mwambo wa panyumba unayamba. Kwaya inaimba. Abusa anawerenga Mawu, analalikira, ndipo poona kuti uthenga wa kumanda sukubwera, anaitananso kwaya. Anthu ankabwera, kundigwira dzanja, n'kukakhala pamthunzi wa mpanda. Mthunziwo unkachepa. Malata ankalira ndi kutentha. Ndinaona mayi wina akutuluka m'nyumba n'kukanyowetsa nsalu pamgolo, wina akutuma mtsikana kuti akagule mankhwala opopera onunkhira kugolosale. Palibe amene anandiuza kanthu. Ndinkayang'ana nyerere zikukoka kachidutswa ka buledi pafupi ndi phazi langa, ndipo ndinkadzifunsa ngati ndinazimitsa magetsi a m'sitolo.

Dzuwa lili pamutu anafika telala, thalauzi lili lofiira mpaka m'chiuno. Anafuna kunong'oneza abusa, koma ndinamukodola.

"Nenani kwa ine."

"Akulu, tinafika m'chifuwa. Kenako piki inagunda matabwa."

"Matabwa?"

"Owola. Ndi nsalu. Muli munthu kale. Pamwamba panalibe mtumbira, panalibe chizindikiro chilichonse. Takwirira. Aphunzitsi apemphera, takwirira."

"Adzukulu ali komweko?"

"Ali pansi pa mtengo wa mango chiyambire m'mawa. Ankationa."

Ndinaimirira. Ndinavula jekete n'kupatsa telalayo. Mayi wina wachikulire wa mpingo, amene anandiphunzitsa Sande sukulu ndili mwana, anandigwira mkono. "Abambo, wofedwa sagwira khasu. Sizichitika."

"Ndamva, mayi."

Ndinatuluka pageti. Njira ya kumanda imadutsa kumsika waung'ono, pamene pali okazinga tchipisi ndi anyamata a kabaza. Ankandidziwa onse. Wa tchipisi anatsitsa wailesi yake ine ndikudutsa. Ena anayang'ana kumbali.

Adzukulu anali atakhaladi pansi pa mango, m'mphepete mwa manda, makasu ndi mapiki awo atawaimika pamtengo. Anabwera nazo zida, kudikira mawu anga. Atandiona, mnyamata wina anaimba mluzu.

"Eee, abwana afika! Apatseni mpando."

"Akulu, mwabwera kudzagwada kapena kudzakumba?"

"Asiyeni, aise, akufuna aone ngati angelo ayamba shifiti."

Anaseka. Wina wa ndevu anafuula kuti, "Pamene paja ife timapadziwa bwinobwino. Ndi agogo ena a ku Ntcheu, tinaika chaka cha njala. Tikanakuuzani, koma simunatifunse. Paja ndi amdima simuyankhulana nawo." Mkulu wawo sanaseke. Ankasenda kamtengo ndi mpeni.

Anzanga anali ataima mozungulira dothi lofiira limene anali atangobwezera. Mphunzitsi anandionetsa zikhatho zake, matuza ataphulika. "Tinasankha pofewa, akulu," anatero. "Nyakwawa wa amfumu anangoloza ndi chibwano kuti paliponse kumunsi kuno. Tinayesa apa ndi apo, piki ikungodumpha. Pano inalowa bwino. Tinati tifulumire."

Apa ndi pamene ndinazindikira. Mu Okutobala nthaka yofewa m'manda ndi nthaka imene inakumbidwapo kale. Ndinatenga piki m'manja mwa dalaivala n'kuyamba kuyenda, ndikumenya pansi. Pamene inalowa ndinapitirira. Ndinadutsa manda a bambo ndi mayi anga, sindinaime. Kumapeto kwenikweni, pamene manda amathera n'kuyamba munda wa munthu, pali kamtunda ka miyala ing'onoing'ono kopanda ngakhale udzu. Ndinamenya. Piki inadumpha, mikono inachita dzanzi mpaka m'mapewa.

"Pano," ndinatero.

"Alamu, apa ndi pathanthwe," anatero mlamu wanga.

"Ndiye mulibe munthu."

Telala anali atanditsatira ndi jekete langa. Analipachika pachitsamba, anayeza pansi ndi tepi, tinalemba malire ndi khasu. Tinayamba.

Za maola amenewo ndilibe zambiri zonena. Piki imakwera, piki imatsika. Pamatuluka dothi lodzaza dzanja limodzi. Wina amalikokera kunja ndi khasu. Ukatopa umapatsa mnzako, n'kuima pambali. Mlonda, amene anali asanagone, anati tithire madzi kuti pafewe. Anyamata a kwaya anathamangira kunyumba, ndipo posakhalitsa amayi a mpingo anayamba kubwera ndi ndowa pamutu. Amayi salowa m'manda maliro asanafike, choncho ankatula ndowazo m'mphepete mwa munda, anyamata n'kumazitenga. Madzi ankakhala pamwamba kanthawi, ofiira, kenako n'kulowa pang'ono. Tinkachotsa matopewo, pansi pake n'kupezanso pouma.

Ndinayesa kupemphera. Ndakhala ndikupempherera anthu pamaliro kwa zaka zambiri, mawu ndimawadziwa. Tsiku limenelo sanabwere. Ndinkangoti, "Ambuye," piki ikamatsika, ndipo nthawi zina ngakhale limenelo silinkatuluka. Sindinakwiyire Mulungu. Sindinakwiyire amene anali pansi pa mango. Ndinkaona chilichonse bwinobwino, mwala uliwonse, thukuta likugwera padothi n'kuuma pomwepo, koma zinali ngati zikuchitikira munthu wina amene ndamuperekeza.

Titafika m'mawondo nthabwala za pansi pa mango zinachepa. Titafika m'chiuno zinatha. Ena mwa iwo anagona chagada, zipewa kumaso. Ndinatuluka m'dzenje kuti ndimwe madzi, ndipo mkulu wawo anabwera pamene ndinaima, kumbali, kumene ena sakanamva. Sananditchulenso kuti akulu.

"Aise, tangonena mawu awiri. Sukuyenera kufuula, ine ndikawauza kuti wanena. Dzuwa ukuliona ilo. Apa pansi pali mwala wina, sufika."

"Ndamva."

"Ifenso sizikutisangalatsa izi. Ukuganiza kuti ndikusangalala?"

"Sindikuganiza choncho."

"Nanga bwanji? Unali wouma mutu chomwechi ngakhale kusukulu."

Ndinamuyang'ana. Milomo yake inali yoyera ndi ludzu. Ndinamupatsa kapu ya madzi imene ndinali nayo. Anamwa, anandibwezera kapu, anaima pang'ono. Ndinabwerera m'dzenje.

Patapita kanthawi anayamba kuchoka, awiriawiri, atasenza zida zawo. Wa ndevu uja podutsa anasuzumira m'dzenje n'kunena kuti, "Makona apindika awo," koma palibe amene anaseka, ngakhale anzake. Onse atapita, mnyamata wina wa kwaya anapeza chitsulo chachitali chokumbira chitagona mu udzu pansi pa mango. Kaya anachiiwala, kaya wina anachisiya dala, sindinafunsepo. Tinachigwiritsa ntchito.

Mwala umene ananena uja tinaupezadi. Unali wopingasa chakumiyendo. Dalaivala ndi mlamu wanga anausweratu pang'onopang'ono ndi chitsulocho, ife tikutulutsa zidutswa ndi manja. Zikhatho zanga zinali zitang'ambika kale, mpini wa piki unkaterera. Telala anang'amba mpango wake n'kundimanga. Uthenga unabwera kuchokera kunyumba, abusa akufunsa ngati anyamuke. Tinati adikire. Unabweranso wina. Wachitatu sunachokere kwa abusa. Anabwera nawo mayi wachikulire uja, anaima m'mphepete mwa munda n'kuitana mlamu wanga. Sindinamve zimene ananena, koma ndinaona atagwira chitenje pamphuno posonyeza.

Mlamu wanga anabwera n'kuima pamwamba pa dzenje. Ine ndinali mkati. Dothi linkandifika m'khosi. Manda a munthu wamkulu amayenera kupitirira mutu, wokumba n'kumatuluka pomukoka.

"Alamu, pakwana."

"Sipanakwane."

"Ndikudziwa. Koma pakwana. Chemwali wanga sangagonenso nalo bokosi lija m'nyumba."

Ndinayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litatsikira kumadenga a Likuni. Ndinamupatsa dzanja, anandikoka.

Ndinayenera kupita kunyumba, kusamba, kuvala, n'kubwera pambuyo pa bokosi pamodzi ndi mkazi wanga. Nthawi inalibe. Ndinakhala pamulu wa dothi n'kudikira. Tinamva nyimbo isanaoneke lole. Inkayenda pang'onopang'ono, kwaya ili pambuyo, mawu atasasa chifukwa choimba tsiku lonse. Anthu anali ochepa kusiyana ndi m'mawa. Telala anandiveka jekete pamwamba pa malaya amatope.

Bokosi atalitsitsa m'lole, amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anachita manyazi n'kusenderanso. Mkazi wanga anabwera atagwiridwa ndi amayi awiri. Anawasiya, anafika m'mphepete mwa dzenje, anasuzumira. Anayang'ana manja anga.

"Ndi losaya," anatero.

"Inde."

"Chabwino."

Kutsitsa bokosi ndi ntchitonso ya adzukulu. Tinalibe zingwe zoyenera. Dalaivala anakatenga chingwe chomangira katundu m'lole, tinachidula pakati. Mlonda ndi mnyamata wina analowa m'dzenje kukalandira. Bokosi linakhula khoma chakumutu, dothi linagwera pachivundikiro, koma linatsika n'kukhala pansi bwinobwino. Abusa anafupikitsa zonse. Anapemphera, anaponya dothi, ine ndinaponya, mkazi wanga anaponya. Tinakwirira. Poti dzenje linali losaya, tinaunjika pamwamba miyala yonse imene tinatulutsa ija, kuopa agalu. Mtumbira unaoneka ngati mulu wa miyala yomangira maziko. Atsikana a kwaya anaika maluwa awo pamwamba pake, ena ankagwera m'mipata.

Pomaliza pamayankhula woimira amfumu. Nyakwawa anaimirira, anakonza kolala, anayamba mawu amene amanena pamaliro alionse. Anathokoza amfumu, anathokoza abusa ndi mpingo, anathokoza amayi amene anaphika. Kenako anati, "Tithokozenso adzukulu athu, amene agwira ntchito yotamandika chiyambire m'mawa." Atatero anaima. Anayang'ana ife, matope ali m'mutu, anayang'ana pansi pa mango pamene panalibe munthu. Wina mwa anyamata a kwaya anaseka kamodzi, mwina mosafuna. Nyakwawa anatsokomola n'kunena kuti mwambo watha, tibwerere kusiwa.

Dzuwa linali lisanalowe. Tinayenda kubwerera. Pageti panali beseni la madzi osamba m'manja, monga mwa nthawi zonse. Ndinaviika manja ndi mpango womwe, madzi anafiira, mayi wina anakataya n'kubweretsa ena a anthu otsatira. Anandipatsa chakudya, ndinalephera kugwira. Ndinamwa tiyi nditagwira kapu ndi nsonga za zala.

Lamulungu lotsatira abusa anatchula nkhaniyi paguwa. Anati ndine chitsanzo. Ndinayang'ana pansi mpaka anamaliza. Anthu akamandiuza kuti Mulungu anandilimbitsa tsiku limenelo sinditsutsa, chifukwa mwina ndi mmene kulimbitsa kwake kumakhalira, munthu osamva kanthu koma manja akugwira. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti ndimapitabe kutchalitchi, ndimagawabe mgonero, ndipo mawu opempherera anabwerera pang'onopang'ono, ngakhale si onse. Mpingo unagula mapiki ndi mafosholo, amakhala m'kachipinda kuseri kwa guwa. Tikadali m'nyumba yomweyo. Woumba njerwa uja tikakumana timapatsana moni. Chitsulo chake ndinatuma munthu kukamubwezera, anangolandira.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa wotsatira maliro. Alendo anali asanadzuke bwino, ena akusesa pabwalo. Mkazi wanga anatenthetsa madzi, anathiramo mchere, anandikhazika pakhonde. Mpango wa telala unali utamatirira m'zilonda. Anaunyowetsa n'kumauchotsa pang'onopang'ono. Atamaliza dzanja limodzi anatenga linalo.

"Bambo."

"Ee."

"Dzuwa likanalowa mwana asanalowe m'nthaka, mukanagwada?"

Ndinaganiza nthawi yaitali. Iye sanandifulumize. Ankapukuta chikhatho changa ndi kansalu, akuchotsa timiyala tating'ono timene tinalowa m'mnofu.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Anang'amba chitenje chakale, anandimanga manja onse awiri, n'kupita kukataya madziwo kuseri.